Anthu a M'chipepala cha Che Uladi

Ndagi yanga nayi, ndipo musathamangire kunena kuti gize musanatokose m'makutu. Ndili ndi anansi anga. Amakhala m'tizipinda tinayi topanda khomo, sadya koma ngonenepa, akamayankhula pakamwa pamangotuluka thovu, mawu osamveka. Ndani amenewo? Achule? Iyayi, achule ngaphokoso. Akufa? Mwayandikira, koma munamuonapo wakufa wonenepa inu? Mwagonja basi, bweretsani mbuzi ndidye ndekha. Amenewo ndi anthu ojambulidwa m'nyuzipepala. Musawaderere poti ngapepala, chifukwa anthu amenewa anatsala pang'ono kupha chinjira cha Modester ndi Nafisa kwa Nsamala, zaka zija tinangolowa kumene m'Chitaganya.

Zinali zaka za manong'onong'o. Uku mumve kuti galimoto ya achifwamba yaima pa mlatho, mawindo otchinga ndi nsalu zakuda. Uku mumve kuti shuga wa m'sitolo amuthira mankhwala oumitsa mimba. Munthu akangochedwa kumunda, kunyumba ayamba kale kumulira. Nyengo yotere ngakhale chitsa chimaoneka ngati chakubisira mpeni kumbuyo.

Modester, amene anthu ankamuti amake Jasten, anali mkazi wa Blasius, Mkatolika wosajomba Misa, ndipo chaka chimenecho anali ndi pakati poonekera. Chinjira wake anali Nafisa, mkazi wa Che Swaibu, Msilamu wa kutsidya kwa dambo, koma mkaziyo anabadwira ku nyanja ya Chiuta. Inu a masiku ano musayese kuti chinjira ndi chibwenzi cha moni wa panjira. Awiriwa anapatsana mikanda amayi akuluakulu akuona, n'kulonjezana za matenda, za maliro ndi za chisangalalo. Bakuli likachoka kwa uyu lili ndi chakudya, silinkabwerera lopanda kanthu, ngakhale dzira limodzi linkagonamo. Pa Idi Modester ankasenza nkhuni kukathandiza kuphika kutsidya. Pa Khirisimasi Che Swaibu ankabwera ndi mpeni wawo kudzachinja mbuzi ya Blasius, kuti nyamayo mabanja onse awiri adye m'mbale imodzi. Chimodzi chokha ndicho chinali chosiyana: pakhomo pa Modester ana anali yakaliyakali, pamene Nafisa onse amene anabala anali atawaperekeza kumanda.

Tsono pa msewu wopita ku Balaka panali sitolo, ndipo pakhonde pake panali telala, Che Uladi. Munthuyo kusoka ankasoka ndithu, koma makina ake enieni anali pakamwa. Iye Joni anamuyenda yense, Chizungu ankachimwa ngati thobwa, Azungu a kumigodi ankamuvulira zipewa. Loweruka lililonse akapita ku Balaka kukagula ulusi, ankabwerako ndi nyuzipepala ya Chizungu yotola pa siteshoni. Kumapeto kwake kunali tizipinda tinayi tondondozana, m'menemo muli banja la anthu akuda ngati ife. Amayi odikira madelesi awo a Khirisimasi ankayala nsalu pansi, Che Uladi n'kumawawerengera.

Mayina a anthuwo amayi anachita kuwapatsa okha. Bambo wake anali a Chipewa. Mkazi wake, poti sankasintha delesi, anali Mai Madontho. Mnzake wa mkaziyo, wosachotsa mpango kumutu, anali a Mpango.

Kutatsala masabata awiri kuti Khirisimasi ikwane, Che Uladi ananyambita chala n'kuchiika pomwe chinkayambira masiku onse.

"Amayi inu musandiphimbe kuwala. Apa nyumba yayera mbee, onse akukondwa. Apa a Chipewa atenga ndowa ndi burashi, akupaka khoma. Apa akuchoka ndi ndowa yawo. Apa nyumba yada bii, mkazi akuloza khoma, akuti, bambo inu mwandilaula."

"Mwaonatu!" anatero Elube, mayi wa pakamwa posatseka. "Mwamuna ukamupatsa ntchito ya Khirisimasi ndi zimenezo. Nyumba yoyerayera, iye kukaizira matope."

"Akanangomusiya apite kumowa," anatero a Dorica, achikulire a pagululo. "Mwamuna amathandiza akachokapo."

"Nanga a Mpango lero ali kuti? Mnzawo ali pa chintchito, iwo zii," anatero mayi wina.

"Ameneyo ine sindimukhulupirira," Elube anapinda mlomo. "Munthu wanji wongosekerera tsiku lililonse? Mano panja ngati mutu wa mbuzi wowaula."

"Iyayi, musiyeni," anatero Modester. "Mwina akutibula chimera cha mnzakeyo. Chinjira sachita kuonetsa anthu kuti akuthandiza."

Modester ankawakonda a Mpango chifukwa ankamukumbutsa Nafisa, kamangidwe ka mpango, ngakhale kaimidwe kopendeketsa mutu.

Loweruka lotsatira Modester anabwera ndi nsalu yake imene Blasius anamugulira atagulitsa thonje, yoyera ya madontho akuda. Che Uladi anamuyeza, n'kuipinda nsaluyo, n'kutsegula nyuzipepala. Anayang'ana pepala, anayang'ana nsalu, anayang'ananso pepala. Kenako analiza kakhweru kotsika.

"Chichi, Che Uladi?" anafunsa a Dorica.

"Iyi ya lero sindiwerenga. Pali wina pano sagona."

Mukafuna kuti amayi akukakamizeni, auzeni kuti simunena. Anamuchonderera mpaka iye anapukusa mutu ngati munthu wokakamizidwa kunyamula maliro a mlendo, n'kuika chala.

"Apa Mai Madontho ndi a Mpango aimirira, akuseka, agwirana m'mapewa. Apa Mai Madontho akhala pansi, akudya za m'bakuli lomwe mnzawo wawapatsa. Apa a Mpango ali pakhomo, bakuli lawo kumanja, akuthawa, taonani kumwetulirako. Apa..." anasuntha chala. "Apa Mai Madontho ali gone pamphasa, maso otseka. A Chipewa manja ali kumutu."

Ntchentche inamveka ikudzigunda pa galasi la sitolo.

"Si ndinanena ine?" ananong'ona Elube.

"Ndi zojambula chabe izi," anatero Modester, koma mawu ake anatuluka owonda.

"Zojambula chabe?" Che Uladi anaseka ndi mphuno. "Amake Jasten, ine ku Joni ndinalowamo m'nyumba yomwe amapangira zimenezi. Muli galasi lalikulu ngati dziwe. Mzungu akasuzumiramo amaona mudzi uliwonse, n'kujambula zomwe zikubwera, zisanachitike. Mukuyesa achifwamba amaidziwa bwanji njira ya kumunda kwanu? Ine sindikutchula munthu, koma nsalu iyi," anaigwira ya Modester ndi zala ziwiri, "ndi delesi ili, madontho ake ngamodzi. Werengani nokha."

Amayi anaweramira. Madontho ndi madontho, abale anga, ngakhale nkhanga ili nawo. Koma tsiku limenelo aliyense anaona kuti ndi omwewo.

"Ndi mpangonso," anatero Elube, osayang'ana Modester. "Ine sindikunena kanthu. Kungoti anthu a ku Chiuta mankhwala amawadziwa, ng'ona amazituma ngati agalu. Ndipo munthu wotaya ana onse, mnzake n'kumangobala chaka ndi chaka... Mtima si mwala."

Modester anadzuka osatsanzika. Dzuwa linali pamutu, msewu woyera, koma iye ankangocheuka. Mwana m'mimba anagunda kamodzi mwamphamvu, kenako phee. Anaima pansi pa mlambe n'kumadikira kuti agundenso. Anadikira mpaka thukuta linazizira pamsana. Mwana atagunda, m'malo mosangalala, anaganiza kuti akumuchenjeza.

Anadzikalipira njira yonse. Nafisa yemwe uja anamugwira msana pobadwa Jasten? Yemwe anamutafunira mankhwala a mutu iye atakomoka ndi malungo? Koma mantha ali ngati chitedze, ukakanda pamodzi thupi lonse layamba. Anakumbukira mmene Nafisa ankayang'anira ana ake akamasewera, maso osaphethira. Kale ankati n'chikondi.

Lolemba masana, Modester akusola mtedza pakhonde, anamva mawu kuseri kwa nkhokwe.

"Odi kuno, achinjira!"

Mpango unayamba kuoneka, kenako mano, kenako bakuli lovundikira lili m'manja awiri. Modester anadzidzimuka. Lichero linapendekeka, mtedza n'kumwazika.

"Ii, mwadzidzimuka ngati mwaona wamsonkho," anaseka Nafisa, akukhala pansi. "Achimwene abwera dzulo pa njinga kuchokera kwathu. Mpunga wa ku Chiuta uwu, ndi mlamba wouma, ndatendera mmene mumakondera muja. Idyani ukadali wotentha, mwanayo alawe za kwa amake aang'ono."

Anatambasula dzanja kuti asisite mimba monga ankachitira. Modester anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Dzanja la Nafisa linatsala m'malere.

"Ndangodya kumene," anatero Modester. "Ndidya madzulo."

Nafisa anayang'ana pamafuwa. Phulusa linali lozizira, galu atagonapo. Anatola mtedza womwazika uja, mmodzimmodzi, n'kuubwezera m'lichero, anacheza pang'ono za mvula, kenako anatsanzika. Ali pakhomo la mpanda anacheuka n'kumwetulira, mutu atapendeketsa. Kwa Modester chinali chithunzi chija ndendende.

Fungo la mlamba linadzaza khonde, m'kamwa mwa Modester malovu ali tho, njala ya munthu wapakati. Anavundukula ndi kamtengo. Mpunga unali woyera, wonona, wosalakwa kanthu. Anaunyamula atakulunga manja m'nsalu n'kukaukhuthula kudzala. Nkhuku zinathamangirako.

Kutacha anapeza thadzi lake la mawanga lili gada pansi pa nkhokwe, khosi lopotoka.

"Chitopa ichi," anatero Blasius, akulitembenuza ndi phazi. "Kwa a Wadson chatha khola lonse sabata yathayi. Mvula yoyamba ndi mmene imachitira."

"Nanga bwanji chayambira ya mawanga?"

"Ufuna chiyambire iti? Chitopa chimasankha malaya?"

Modester sanamve. Anamanga kolona pamkono n'kumalima nayo. Madzi a mumtsuko ankawanunkhiza asanamwe. Akaona mpango wofiira ukuyenda kutsidya kwa dambo, ankabisala kuseri kwa chulu, mimba ili patsogolo, kwinaku misozi ikutsika, chifukwa munthu yemwe akanamuuza za mantha amenewa anali yemweyo ankamuthawayo.

Bakuli analitsuka ndi phulusa katatu. Lachisanu, podziwa kuti kutsidya anthu ali kumzikiti, anawoloka dambo mothamanga, n'kukalisiya pakhonde pa Nafisa. Lopanda kanthu. Ngakhale njere ya mtedza.

Madzulo ake Blasius akumangirira mbuzi anati, "Mawa ndikawauze Che Swaibu anole mpeni. Khirisimasi ndi mkuja."

"Iyayi. Chaka chino muphe nokha."

Blasius anasiya chingwe. "Ndiphe ine? Ndiye anzathuwo adya chiyani? Ukudziwa kuti nyama yopha ine sakhudza."

"Asadye."

"Iwe, mimba iyi yakukwera kumutu? Ine ndi Che Swaibu tilibe mlandu. Ngati ukufuna kudula chinjira, ukadule ndi pakamwa pako, usandibwereke mpeni wanga."

Loweruka, Khirisimasi ili mawa, pakhonde pa sitolo panalibe poponda. Nkhani inali itazungulira midzi, moti ngakhale amuna anabwera, ena ataima panjinga zawo. Che Uladi anavala jekete dzuwa lili ng'aa. Modester anakhala kutsogolo, pafupi ndi makina. Delesi lake linali litapachikidwa pa chingwe, lomalizidwa, likugwedezeka ndi mphepo ngati muli munthu. Sankafuna n'kuliyang'ana komwe. Chomwe anadzera chinali chimodzi: kumva ngati Mai Madontho anaikidwa m'manda.

"Lero ndiye lero," anatero Che Uladi. "Amene ali ndi mtima wofooka apite kwawo."

Anatsegula, n'kuika chala.

M'kachipinda kameneko Mai Madontho anali khale patebulo, wamoyo, wonenepa, a Mpango ali pambali pake, banja lonse likutsotsa mafupa a nkhuku.

"Si anafa uyu?" anafunsa bambo wina wa panjinga.

Che Uladi anakhosomola. "Anafa, inde. Uyu... uyu si iyeyo. Ndi thupi chabe. Mnzakeyo wamudzutsa kumanda kuti azimutuma. Thovu ili likunena zomwezo."

"Mayi Maria!" a Dorica anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Onani tsono mphamvu yake. Apa adya nkhuku, atsala mafupa. Apa mafupa aja awabwezera mumphika, amera mnofu, miyendo iyo yatulukira. Apa akhala awiriwiri pa beseni, akuisomeka nthenga. Apa..." mawu ake anakwera, iye mwini atayamba kuopa zonena zake, "apa nkhuku yadzuka! Ikuthamanga! A Chipewa akuithamangitsa, chipewa chagwa!"

Mayi wina anakuwa. Wina anabereka mwana wake n'kuyamba kusuntha chambuyo. Modester anaona khonde likuzungulira. Ndiye kuti kufa kokha sikukwanira, adzamudzutsanso, aziyenda ndi delesi la madontho, maso ali gwa, ana ake akumuthawa?

Kenako phokoso linaduka ngati alidula ndi mpeni. Anthu anapatuka uku ndi uku. Pakati pawo panadutsa mpango wofiira.

Nafisa sanapereke moni kwa aliyense. Lero mano sanaoneke. Anaima pamaso pa Modester, n'kumasula mkanda wa buluu m'khosi mwake, womwe Modester anamuveka tsiku lomanga chinjira.

"Amake Jasten," anatero. Sananene kuti achinjira. "Pachitsime akazi akubisa mitsuko ndikamafika. Akuti ndine mfiti, akuti zalembedwa m'pepala. Zimenezo ndinaseka. Koma dzulo ndapeza bakuli langa pakhonde lili kukamwa yasa. Ana anga ndinaika ndi manja angawa, inu mutandigwira. Lero mukuti ndingadye wanu? Nawu mkanda wanu. Landirani anthu akuona, monga anaonera tsiku lija."

Mkanda unalendewera pamaso pa Modester. Ankadziwa kuti akangoukhudza, zatha, ndipo chinjira chikaduka sachilumikiza. Mantha ankati landira, upulumuke. Koma dzanja linakana kunyamuka. Nkhope ya Nafisa sakanatha kuiyang'ana, choncho anagwetsa maso pansi, ndipo pansipo panali nyuzipepala, imene Che Uladi anaitaya posuntha kuthawa mpango.

Maso ake anagwera pa beseni lija. Pamwamba pake wojambula anaikapo timizere topindikapindika, nthunzi. Madzi otentha. Modester anali atasosola nkhuku kuyambira ali kamtsikana, ndipo sanaonepo munthu akuwiritsa madzi kuti nthenga zimere. Pambali pa beseni panali mpeni, ndi mulu wa nthenga zonyowa pansi.

Anatambasula dzanja, osati kumkanda, koma papepala. Anaika chala pa nkhuku yothamanga ija, kumanzere, n'kuyenda nacho cholowera kumanja.

"Aithamangitsa," anatero motsitsa. "Aisosola. Aiphika. Aidya."



"Tabwereza, mwana iwe," anatero a Dorica.

"Aithamangitsa. Aisosola. Aiphika. Aidya."

"Ii," anatero bambo wa panjinga uja. "Kwathunso nkhuku imayenda chomwecho."

Modester anadzuka, mimba ndi mimba, n'kulunjika pa chitseko cha sitolo, pomwe Che Uladi anakhomapo pepala la sabata yatha kuti odutsa aziona. Analizula pa msomali, n'kuliyala pa makina, n'kuyambira mbali yomweyo ya kumanzere.

"Mai Madontho adwala, agona, mwamuna wasowa chochita. Mnzawo wafika pakhomo ndi bakuli. Akufika, sakuthawa ayi. Adya. Adzuka... achira, akuseka, agwirana..."



Nafisa anayandikira, mkanda ukadali m'manja. "Che Uladi, tandionetsani pomwe mumayambira."

"Ine sindiyankha mafunso a akazi osayenda."

"Amayambira apa," anatero Elube msangamsanga, akuloza kumanja. "Masiku onse apa."

Nafisa anayang'ana malowo, anayang'ana telala, ndipo mlomo wake unayamba kugwedera. "Ngati pa ubao wa ku madrasa? Che Uladi! Chiarabu ndicho chimayambira kumanja. A mwalimu anakuthamangitsani musanamalize alifu, be, te, chifukwa chakuba maembe awo, Che Swaibu amanena mpaka lero. Ndiye kachidutswa komwe munatolako mwadzakathira pa Chizungu?"

"N'zoona!" a Dorica anawomba m'manja. "A katekisiti akamawerenga, chala chawo chimachokera uku kupita uku. Zaka zonsezi ndimakhala kutsogolo ine. Ha, maso angawa ngongokongoletsa nkhope!"

Modester anagwada pafumbi, movutikira, atagwira mwendo wa makina.

"Achinjira, ndalakwa."

Nafisa anamusiya agwade kaye. "Mpunga wanga munautani?"

"Ndinapatsa nkhuku."

"Nkhuku. Mpunga wa ku Chiuta. Ine ndinadya m'mphika zokanda kuti inu mukhute, mwakakhutitsa nkhuku." Anapumira m'mwamba. "Pepala lotola pa siteshoni, mwalikhulupirira kusiya ine."

"Ndinaopa, achinjira. Ndinaopera mwanayu."

"Mukanabwera kudzaopera kwathu."

Kenako Nafisa anakweza manja, n'kubwezera mkanda uja m'khosi mwake, n'kuumanga mfundo ziwiri.

"Dzukani, mungamuthyole khosi mwana wanga. Che Swaibu abwera mawa. Koma chiwindi chonse n'changa, simulawako, ndipo musayese kuti mlandu watha. Ndidzakukumbutsani mpaka mano atagwa."

Apo ndi pomwe anthu anakumbukira kuti pali wina woti amuyang'ane. Che Uladi anali akupinda nsalu yopindapinda kale.

"Inu simunayende," anatero, akukoka kolala ya jekete. "Ku Joni anthu ophunzira amawerenga chonchi. Ndi kawerengedwe katsopano."

"Ndiye ku Joniko," anafunsa Elube, amene tsopano anali ataiwala zonse zomwe ananena yekha, "munayamba n'kubwerako, kenako n'kupita?"

Khonde linaphulika. Bambo wa panjinga anagwa nayo njinga yake. Wina anatola pepala n'kuliika pamphuno pa telala. "Tiwerengereni liwu limodzi lokha, Che Uladi, ili lalikulu pamwambali. Yambirani mbali iliyonse yomwe mukufuna."

"Inki yake ndi yofufutika."

"Nanga galasi lija longa dziwe? Silinakuonetseni za lero?"

"Amayi, tiyeni tione madelesi athu msanga," anakuwa a Dorica, akutembenuza lawo, misozi ili mbwembwembwe. "Mwina khosi alisokera kumiyendo!"

Che Uladi anaona kuti pakamwa pamugulitsa, ndiye anathawira ku ntchito. Anakhala pampando mwaulemu wonse, n'kuika nsalu pansi pa singano, n'kuponda chopondera mwaukali kuti phokoso la makina likwirire kuseka. Koma makina opalasa ndi mwendo safuna mkwiyo. Gudumu linazungulira chobwerera, ulusi n'kuti thu, singano n'kuthyoka.

"Mayo ine!" anakuwa Nafisa, atagwira m'nthiti, mano onse ali panja. "Ngakhale makina anawaphunzitsa!"